Mbiri ya Diripi Yothamangitsa kwa Wodwala Mwakayakaya

Kuika madzi amchere mumtsempha wa wodwala kunayamba ndi mliri wa kolera umene unafika ku Britain mu 1831. William O'Shaughnessy atapima magazi a odwala anapeza kuti madzi ndi mchere zinali zitatsika kwambiri. Mu 1832, Thomas Latta, dokotala wa ku Leith ku Scotland, anayesa kubwezera zimenezi kudzera mumtsempha. Mayi wokalamba amene anamuyambirapo, maso atalowa kale m'kati, anatsitsimuka mpaka kulankhula, koma kutsekula kutayambiranso anamwalira patangopita maola ochepa. Latta naye anamwalira mu 1833, ndipo njirayo inaiwalika kwa zaka zambiri. Inadzuka pamene Sydney Ringer, m'zaka za m'ma 1880, ndiponso Alexis Hartmann, mu 1932, anakonza madzi ofananako ndi a m'thupi, amene mayina awo akadali pamatumba a diripi.

Kuchokera apo chizolowezi chinakhazikika: munthu akazizira manja ndi mapazi, mtima ukugunda mothamanga koma mofooka, diripi itsegulidwe yonse. Kwa wa kolera kapena wotsekula m'mimba kwambiri, nzeru imeneyi n'njoona mpaka lero, chifukwa madzi anatulukadi. Vuto linali kuganiza kuti aliyense wooneka motero wataya madzi. Kafukufuku wa Emanuel Rivers ku Detroit mu 2001 analimbikitsa kuthamangitsa madzi kwa akuluakulu amene matenda alowa m'magazi, ndipo mabuku a ana ankanenanso chimodzimodzi, ngakhale panalibe kafukufuku wamkulu amene anayerekeza ana olandira madzi otere ndi osalandira.

Kuyerekezako kunachitika m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, m'kafukufuku wa FEAST wotsogozedwa ndi Kathryn Maitland. Ana 3,141 otentha thupi, amene magazi sankayenda bwino, anagawidwa mwamaere. Ena analandira madzi othamangitsa, ena madzi odontha pang'onopang'ono basi, onse akupatsidwa mankhwala a malungo kapena opha tizilombo. Otsekula m'mimba, onyentchera ndi opsa ndi moto sanalowemo. Pofika maola 48, ana pafupifupi 10.5 pa 100 alionse olandira madzi othamangitsa anali atamwalira, pamene kwa enawo anali 7.3. Kafukufukuyu anaimitsidwa mu January 2011 asanafike kumapeto.

Chimene chinanyenga madokotala kwa zaka zonsezo chinaonekera pomwepo. Mu ola loyamba, mwana wolandira madzi ankaonekadi ngati wapezako bwino, manja atafunda, namwino ndi mayi ake mtima utakhala pansi. Imfa inkabwera pambuyo pake, ndipo kuunikanso kwa mu 2013 kunasonyeza kuti ambiri anafa chifukwa mtima ndi mitsempha zinagonja, osati chifukwa mapapo anadzaza madzi monga ankaganizira.

Ku University Teaching Hospital ku Lusaka zofananazo zinapezeka kwa akuluakulu, ambiri mwa iwo ali ndi HIV. Zotsatira zofalitsidwa mu 2017 zinasonyeza kuti 48 pa 100 alionse othandizidwa ndi ndondomeko ya madzi ochuluka anafera m'chipatala, poyerekeza ndi 33 mwa othandizidwa mwachizolowezi.

Bungwe la WHO silinafulumire kusintha, ndipo ofufuza a FEAST anadandaula poyera. Mu 2016 linakonzanso malangizo a ETAT, ndondomeko yosankhira ana ofunika thandizo lamsanga pamzere wa kuchipatala, imene Elizabeth Molyneux anathandiza kuikhazikitsa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Tsopano, kuti athamangitsiridwe madzi, mwana amayenera kukhala ndi zizindikiro zitatu pamodzi: manja ozizira, chikhadabo chimene chikapanikizidwa chimatha masekondi opitirira atatu chisanafiirenso, ndi kugunda kofooka kothamanga. Wotereyu amalandira mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse, kwa mphindi 30 mpaka 60, akuyang'aniridwa. Wa chizindikiro chimodzi kapena ziwiri sathamangitsiridwa madzi, ndipo amene magazi amuchepera kwambiri amaikidwa magazi msanga.