Agogo athu a ku Chia sankasenza okha

Mukamachokera ku Salima kupita ku Nkhotakota pa msewu wa M5, galimoto imachepetsa liwiro pa mlatho wa Chia, pomwe nyanja yaing'ono ya Chia imakumana ndi nyanja ya Malawi. Pamenepo mumaona amayi akugulitsa nsomba, ena mwana ali kumsana. Ife a m'tauni timangoti, "Koma amayi a kunyanja ndi olimba! Ndi mmene ankachitira agogo athu, zonse okha, osadandaula." Ndiye mayi wa pantchito ku Lilongwe akati apemphe thandizo pakhomo pake, timamutcha waulesi. Koma kodi mbiri ya dera limeneli ikuvomereza zimenezi?

Tibwerere m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo m'nthawi ya a Jumbe ulimi wa mpunga udafala m'madambo a m'mbali mwa nyanja. Mpunga ndi mbewu yosafuna munthu mmodzi: pali kuwokera, kupalira, kuingitsa mbalame, kupuntha ndi kupeta. Onjezanipo chinangwa, chomwe chimafuna kusenda, kuviika, kuyanika ndi kusinja kuti kondowole afike pa mphasa.

Kenaka boma la atsamunda lidabweretsa msonkho m'zaka za m'ma 1890, ndipo amuna adayamba kusiya midzi kukasaka ndalama ku Halale ndi ku Joni. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowu. Udayambanso mu 1977 mpaka udatha mu 1988. Zaka zonsezi dimba, ana ndi okalamba zidatsala m'manja mwa amayi. Amuna ena ankatumiza kangachepe, ena adasanduka matchona.

Nanga amayiwo adapulumuka bwanji? Si chifukwa chokhala ndi msana wachitsulo ayi. Adapulumuka chifukwa ankadziwa kugawa ntchito. Pa chikhalidwe cha Achewa mkazi ankakhala pamudzi pa amayi ake, pakati pa abale ake a mbumba imodzi. Akapita kudambo, khanda linkatsala ndi agogo kapena mlezi. Munda ukamukulira ankaphika thobwa kapena mowa n'kumema dima, anthu n'kudzalima tsiku limodzi ntchito ya mwezi. Denga likadontha ankatuma uthenga kwa mlongo wake, mwini mbumba. Ngakhale pamtondo ankasinja awiriawiri. Kupempha sichidali chamanyazi. Chamanyazi chidali kukana mnzako akakupempha, popeza mawa ndiwe.

Tisakometsere zonse. Mlezi uja nthawi zambiri adali kamtsikana kosapita kusukulu, ndipo mtengo wa thandizolo adaulipira ndi iyeyo. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, atsikana ambiri adalowa m'kalasi. N'zabwino zimenezo, koma mpata umene adausiya pakhomo sudatsekedwe.

Lero mayi ndi namwino, mphunzitsi kapena wa geni. Amakhala m'nyumba ya lendi kutali ndi mbumba yake. Lamulo la ntchito la mu 2000 limamupatsa masabata 8 a tchuthi cha uchembere, kamodzi pa zaka zitatu. Masabatawo akatha amaweruka 5 koloko n'kuyamba ntchito yachiwiri: kuphika, kuchapa, kuona makope a ana, bambo ali phee pa wailesi. Katundu amene kale ankasenza mudzi wonse tamuunjikira munthu mmodzi, kenaka tikumatcha zimenezo mwambo.

Mwambo weniweni ndi uja wa dima. Amayi, gawani ntchito. Mnyamata wa Sitandade 6 angathe kutsuka mbale monga mlongo wake. Gwirizanani ndi oyandikana nawo kuti muziperekeza ana kusukulu mosinthana. Ndipo inu abambo, agogo anu adali ndi chifukwa chosowera pakhomo, adali pansi pa mgodi ku Joni. Inuyo muli pompo, ndipo kuyambira 2021 lamulo limakupatsani masabata awiri a tchuthi mwana akabadwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amayi a ku Chia sadayesepo n'komwe.