Tiki ya Pachipatala: Phunziro la Chaka cha 1964

M'chaka cha 1964, chomwe Malawi adalandira ufulu wodzilamulira, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo loti wodwala wobwera kudzalandira mankhwala pachipatala cha boma azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu. Kwa kalaliki wa m'tauni tiki idali kanthu kochepa. Koma kwa mlimi wa kuno ku Lirangwe kapena msodzi wa ku Malindi, amene ndalama ankaiona mwa apo ndi apo, tiki yomweyo idali yokwanira kuchititsa mayi kugoneka mwana wotentha thupi pamphasa n'kumati tione mawa.

Tikiyi idakhala imodzi mwa nkhani zomwe nduna zidatsutsana nazo ndi Kamuzu m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho. Mu Seputembala, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adachotsedwa pamaudindo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere adatula pansi maudindo awo. Madandaulo adalipo ambiri, komabe n'zochititsa chidwi kuti dziko lisanathe miyezi itatu lili paufulu, atsogoleri ake anali atayamba kale kukangana ngati wosauka ayenera kulipira kuti aonane ndi dokotala. Kamuzu mwiniwake anali dokotala ku London mu 1948, pamene Britain idayambitsa National Health Service, yothandiza aliyense popanda kulipira pakhomo.

Lero m'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, kupatula m'mawodi olipira. Mayi wa ku Lirangwe amene matenda ake akula amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu, popanda kufunsidwa za m'thumba. Mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, mabanja ambiri adasiya kuika maliro a makolo achinyamata.

Ena akuti njira yabwino ndi inshulansi ya makampani. Tiyeni tione mmene imayendera. Kampani yofuna phindu imapindula ikatolera zambiri n'kulipira zochepa, choncho imakonda wathanzi wa malipiro a pamwezi, ndipo imapewa nkhalamba ndi wodwala shuga. Ku America, lamulo la 2010 lisanabwere, makampani ankaloledwa kukana munthu chifukwa chakuti ali kale ndi matenda. Kuno kwathu, wogulitsa tomato pamsika wa Lunzu kapena woyanika usipa ku Makanjira alibe ndalama yokhazikika yoti azidulidwa mwezi ndi mwezi. Inshulansi yotere ndi tiki yomwe ija, koma yokula kambirimbiri.

Sitikubisa kuti chipatala chaulere chili ndi mavuto. Wodwala akauzidwa kuti mankhwala atha, akagule yekha, ndiye kuti tiki yabwerera kudzera kukhomo lakuseri. Mu 2001, ku Abuja, maiko a mu Africa adalonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti pa zaumoyo. Msonkho timapereka tonse tikamagula katundu wosiyanasiyana. Choncho, abale ndi alongo, phungu akadzabwera pamsonkhano, mufunseni kuti lonjezo la ku Abuja lafika pati, ndiponso kuti mankhwala a pachipatala chanu amathera kuti.