ZA MWAMBO WOKUMBUKIRA AKUFA PA MANDA M'DZIKO LA CHIRADZULU

Pamene tilikukondwerera jubile ya misyoni yathu ya Nguludi, sikuyenera kuti tiwerenge nyumba za njerwa ndi masukulu okha, pakuti pali anthu ambiri amene anamanga mpingo uno, amene lero agona pansi pa mitengo. Tsono tiyeni tione m'mene mwambo wowakumbukira unafikira kwa ife.

Chikhristu chisanafike, makolo athu sanali kuiwala akufa awo. Manda anali nkhalango yoopsa, imene munthu sanali kudulamo mtengo kapena kulowamo popanda chilolezo cha mfumu. Adzukulu okha ndiwo anali kukumba ndi kufotsera. Atatha maliro abale anali kumeta, ndipo patapita miyezi anali kufulula mowa wa chikumbutso, kuti mzimu ukhale mumtendere ndi kuti usavute otsala. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, amene onse akhala m'dziko lino, anali nayo miyambo yosiyana pang'ono, koma onse anavomerezana kuti wakufa ali mbale ndithu. Ndipo abale athu Achisilamu asunga sadaka kufikira lero lino.

Manda a Chikhristu a pa Magomero ali akale koposa misyoni yathu. M'chaka cha 1861 Bishopu Mackenzie wa mpingo wa Anglican anafika kumeneko pamodzi ndi David Livingstone. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 kufupi ndi mathiriro a Ruo, ndipo mnzake Henry Burrup anabwerera ku Magomero ali wodwala, namwalira m'mwezi wa February, naikidwa komweko.

Ansembe a Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo m'chaka cha 1903 Bambo Auguste Prezeau anayamba misyoni ya Nguludi. Iwo anadza nalo tsiku la 2 November, limene Eklezia apempherera akufa onse okhulupirira, litapita tsiku la Oyera Onse. Mwambo umenewu unafalitsidwa ndi Odilo Woyera, mkulu wa amonke a ku Cluny m'dziko la France, pafupi zaka 1,000 zapitazo; koma muzu wake uli m'buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, m'mene Yudasi anatumiza ndalama ku Yerusalemu kuti apereke nsembe chifukwa cha ankhondo ake akufa. Apa panali chinthu chachilendo kwa makolo athu. Iwo anazolowera kupempha kwa mizimu ndi kuiopa. Tsopano anaphunzitsidwa kupempherera mizimuyo kwa Mulungu, ndi kulowa kumanda usana poyera, amuna, akazi ndi ana omwe. Ntchito yofotokoza zimenezi m'midzi inagwa pa akatekisiti, pakuti ansembe anali owerengeka.

Chaka cha 1915 chinali cha misozi. Pa 23 January anthu a John Chilembwe wa ku Mbombwe anaukira ulamuliro wa Azungu ndi thangata. M'masiku omwewo misyoni ya Nguludi inatenthedwa, ndipo Bambo Swelsen anavulazidwa koopsa. Boma linagumula tchalitchi cha Providence Industrial Mission, linapha anthu ambiri, ndipo Chilembwe mwini anaphedwa pa 3 February, naikidwa mobisa, popanda chiliza. Mpingo wake unatsegulidwanso m'chaka cha 1926 ndi Dr Daniel Malikebu, ndipo dziko lonse limkumbukira pa 15 January. M'chaka chomwecho cha 1915, Papa Benedikito XV, poona unyinji wa akufa pa nkhondo yaikulu, analola wansembe aliyense kuchita Misa itatu pa 2 November. Ifenso tinali nawo athu otengatenga amene anafera kutali osabwerera. Pambuyo pake anadza matenda a chimfine a 1918, ndi njala ya 1949.

Mwambo wake uli wotere. Tsikulo lisanafike Akhristu atenga makasu nalambula manda, nakonza mitanda yogwa. Pa tsikulo achita Misa, napita kumanda akuyimba ndi kupemphera Korona. Wansembe awaza madzi odalitsidwa, ndipo banja lililonse liima pa manda a mbale wake. Kumene wansembe safika, katekisiti atsogolera mapemphero, atayamba wapempha mfumu ya mudzi, pakuti manda a m'mudzi ali a onse, ndipo Mkatolika agona pafupi ndi Msilamu ndi wa mpingo wina.

M'mwezi wa March 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera kuphiri, nakwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lino, ndipo ena sanapezeke konse. Amenewo alibe manda oti tilambule, monganso otengatenga aja. Chifukwa chake tipempha inu akatekisiti kuti mulembe mayina a akufa m'buku la mpingo uliwonse, ndi kufunsa okalamba akali ndi moyo, pakuti mtanda wa mtengo udyedwa ndi chiswe m'zaka zochepa. Ndipo inu makolo, tengani ana anu pa 2 November, muwaonetse pamene agona agogo awo, muwauze mayina, kuti iwonso adzadziwe potipempherera ife.