Midzi ya m'Waya: Zaka Khumi za Nkhondo ya Ufulu ku Mozambique

Pa 16 Juni 1960 khamu la alimi linasonkhana pa ofesi ya boma ku Mueda, kumpoto kwa Mozambique, kudzamva yankho la madandaulo awo. Bwanamkubwa wa chigawo cha Cabo Delgado analamula kuti owayankhulira amangidwe, anthu anakana kubalalika, asilikali n'kuyamba kuwombera. Frelimo imati anafa anthu oposa 500, pomwe Apwitikizi ankatchula chiwerengero chochepa zedi. Kuchokera tsiku limenelo ambiri analeka kukhulupirira kuti Mpwitikizi angamve za pakamwa.

Madandaulowo anali akalekale. Panali chibalo, ntchito yokakamiza yomwe kuno ingafanane ndi thangata. Panalinso thonje: banja lililonse m'madera osankhidwa linkayenera kulima munda wa thonje n'kuligulitsa ku kampani pa mtengo woikidwa ndi boma, chimanga chikufota m'munda wina. Wolephera ankalawa mbalamatodya, chithabwa chamabowo chomenyera m'zikhatho mpaka manja kutupa osagwiranso khasu. Mavuto a mtundu umenewu ndi amene anawolotsa Alomwe ambirimbiri kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo nkhondo isanayambe n'komwe.

Pa 25 Juni 1962 magulu atatu a othawa kwawo, UDENAMO, MANU ndi UNAMI, anagwirizana ku Dar es Salaam n'kupanga Frelimo, mtsogoleri wake Eduardo Mondlane. Mfuti zinayamba kulira pa 25 Seputembala 1964 pa Chai, ku Cabo Delgado, ndipo posakhalitsa moto unafika ku Niassa, m'mbali mwa nyanja, kwa Anyanja ndi Ayao. Mu 1965 anthu ambiri a kutsidyako anakwera mabwato kuthawira pa chilumba cha Likoma.

Mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti wopambana ndi amene agwire munthu wa kumudzi. Msilikali wa m'tchire sayenda ndi nkhokwe. Amadya nsima yophikidwa ndi amayi a m'mudzi, amamva kwa ana oweta mbuzi kumene adani adutsa, ndipo zipolopolo zake amasenza ndi anthu wamba ulendo wa masiku ambiri. Apwitikizi atazindikira zimenezi anaganiza zowachotsa anthuwo. Anayamba kusamutsa midzi yathunthu n'kuiunjika m'malo otchedwa aldeamento: nyumba zondandalika m'mizere, nthawi zambiri zozunguliridwa ndi waya waminga, alonda a mfuti ali pachipata. Pofika kumapeto kwa nkhondo anthu okhala m'midzi yotereyi anali pafupifupi miliyoni imodzi.

Boma linkati anthu akupita kumene kuli sukulu, chipatala ndi madzi abwino, ndipo m'malo owerengeka zinalikodi. Koma ambiri anangopeza fumbi ndi njala. Munthu wa zaka 60 ankasiya mitengo yake ya mango, dimba lake ndi manda a makolo ake, mudzi wakale ukuyaka moto kumbuyo kuti asabwerere. Munda watsopano unali waung'ono, wina wamiyala, ndipo kupitako kunali kwa nthawi yoikika, dzuwa lisanalowe aliyense akhale atalowa m'mpanda. Wotenga ufa wochuluka popita kumunda ankaganiziridwa kuti akudyetsa zigawenga. Anthu atathithikana chotero, matenda sanachedwe.

Mafumu ndiwo anasowa kolowera. Boma linkawagwiritsa ntchito potolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo. Mfumu yokhulupirika kwa Apwitikizi inkaopa Frelimo usiku, yothandiza Frelimo inkaopa apolisi achinsinsi a PIDE masana. Ngakhale m'banja limodzi munkagawikana, pakuti m'zaka zomaliza pafupifupi theka la asilikali a boma la atsamunda anali anthu akuda a m'dzikomo.

Kutsidya lina la waya kunali madera amene Frelimo inkalamulira. Moyo wake sunali wofewa: ndege zinkaponya mabomba, minda inkabisidwa m'nkhalango, mchere ndi sopo zinkasowa. Komabe kumeneko ndi kumene zinthu zinasintha kwambiri. Ana ankaphunzira pansi pa mitengo, anthu ankalima minda ya gulu, ndipo mtedza, chitowe ndi mbewu zina ankazisenza pamutu kuwoloka nazo mtsinje wa Rovuma kukasinthanitsa ndi nsalu ndi makasu ku Tanzania. Mu 1967 kunakhazikitsidwa gulu la asilikali achizimayi, Destacamento Feminino. Mtsikana wovala buluku, mfuti paphewa, akuyankhula pamsonkhano wa akuluakulu, chinali chinthu chimene madoda ambiri, ena a m'chipani momwemo, anachilandira mokukuta mano. Josina Machel, mmodzi wa odziwika m'gululi, anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25, ndipo tsikuli ndi limene dzikolo limakumbukira amayi mpaka lero.

Chipanicho nacho sichinali choyera ngati ufa. Munali kulimbirana maudindo ndi kukangana pa malonda a m'madera omasulidwa. Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi la buku ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969, Lazaro Nkavandame, mmodzi wa akuluakulu a chipanicho, anathawira kwa Apwitikizi chaka chomwecho, ndipo Samora Machel anatenga utsogoleri mu 1970.

Chaka chimenecho mkulu wa asilikali a Apwitikizi Kaúlza de Arriaga anaponya mphamvu zake ku Cabo Delgado pa nkhondo yotchedwa Nó Górdio. Analanda misasa ingapo, koma Frelimo inangolimbikira ku Tete, kumene inali itayambiranso kumenya nkhondo mu 1968 ndi kumene Apwitikizi ankamanga damu la Cahora Bassa. Apa nkhondo inafika pakhomo pa Malawi. Misewu ndi njanji za ku Tete zinadzaza mabomba okwirira, anthu ankathawira kuno, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda ankasunga ubale ndi Apwitikizi chifukwa katundu wa dziko lino ankadzera ku Beira, ndiponso ku Nacala njanji yatsopano itatsegulidwa mu 1970. Boma la Malawi linkagwirana chanza ndi Lisbon, koma m'midzi ya m'malire anthu ankalandira abale awo mwakachetechete.

Ku Tete komweko, pa 16 Disembala 1972, asilikali a Apwitikizi anazinga Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo. Anthu ena anawombedwa pabwalo, ena anatsekeredwa m'nyumba n'kutenthedwa. Kafukufuku wa Mustafah Dhada anapeza kuti anafa anthu osachepera 385. Ansembe a Katolika anazembetsa lipoti, ndipo bambo Adrian Hastings analitulutsa mu nyuzipepala ya The Times pa 10 Julayi 1973, kutatsala masiku ochepa kuti nduna yaikulu ya Portugal Marcelo Caetano ifike ku London.

Nkhondo inathera ku Lisbon. Asilikali otopa ndi nkhondo zitatu, ya ku Angola, Guinea-Bissau ndi Mozambique, anagwetsa boma pa 25 Epulo 1974. Pangano la Frelimo ndi Portugal linasainidwa ku Lusaka pa 7 Seputembala, ndipo ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Azungu ambiri anachoka, kusiya dziko limene anthu pafupifupi 90 mwa 100 aliwonse sankadziwa kuwerenga. Boma latsopano linathetsa udindo wa mafumu n'kuyamba kusonkhanitsa anthu m'midzi ya gulu, ina pamalo pomwe panali ma aldeamento, ndipo alimi ena amene anangobwerera kumene kumabwinja awo anauzidwa kuti asamukenso. Za Wiriyamu, boma la Portugal linapepesa kudzera mwa nduna yaikulu António Costa ku Maputo mu Seputembala 2022, patatha zaka pafupifupi 50.