Asodzi Amene Anapacika Mbedza

Kwathu kuno nsomba ndi ndiwo. Munthu akatenga mbedza n'kulowela ku Kafue, tonse timadziwa kuti madzulo kwake kumveka fungo la zokazinga. Koma ku England ndi ku America kuli mulu wa mabuku olembedwa ndi anthu amene anali kuwedza ali okhuta, pongofuna kupumitsa mtima. Ndakhala ndikutsata mbili ya mabuku amenewa, ndipo ndaona kuti ena mwa akatswili amene anawalemba anafika popacika mbedza, kapena kucoka pamtsinje umene anali kuukonda koposa. Kodi cimene cimasiyitsa munthu cinthu cimene wacikonda moyo wake wonse n'ciyani?

Tiyambile ku ciyambi. Mu 1496, ku Westminster, wosindikiza mabuku Wynkyn de Worde anatulutsa nkhani yochedwa Treatyse of Fysshynge wyth an Angle. Anthu akhala akunena kuti anailemba ndi sisitele wina dzina lake Juliana Berners. Imaphunzitsa kusema ndodo yowedzela, kupota cingwe ndi ubweya wa kumcila kwa hachi, kupinda singano kuti ikhale mbedza, ndi kumanga nyambo 12 za nthenga ndi ubweya zofanana ndi tizilombo touluka. Kumapeto kwake kuli cenjezo kwa msodzi: asacite dyela pogwila nsomba zoculuka, asabe m'misampha ya anzake, ndipo akadutsa m'munda wa eni azitseka geti.

Buku lochuka kuposa onse linabwela mu 1653. Dzina lake ndi The Compleat Angler, ndipo analilemba ndi Izaak Walton, wamalonda amene anali ndi sitolo mu London. Ukaliwelenga ungaganize kuti mwini wake sanaonepo vuto. M'bukumo msodzi akuyenda ndi mnzake m'mbali mwa mtsinje wa Lea, akumuphunzitsa kuwedza, akuimba, akugona m'nyumba za alendo ndi kukambilana za kaphikidwe ka nsomba. Komatu Walton analemba zimenezi dziko litangotuluka m'nkhondo yapaciweniweni. Mfumu Charles I, imene iye anali kumbali yake, inali itadulidwa mutu mu 1649. Mkazi wake woyamba anali atamwalila mu 1640, ndipo ana asanu ndi awili amene anabeleka naye onse anamwalila ali aang'ono. Kwa munthu wotele, m'mbali mwa madzi munali mothawila. Anapitiliza kukonza buku lake mpaka 1676, pamene mnzake Charles Cotton anawonjezamo gawo lina, ndipo anamwalila mu 1683 ali ndi zaka 90. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha n'kumene Walton anasiyila owelenga ake.

Koma m'buku lofatsa lomweli muli ndime imene yasowetsa anthu mtendele. Walton amalongosola mmene ungakolekele cule wamoyo pa mbedza mosamala, kuti acedwe kufa ndi kukopa nsomba nthawi yaitali. Wolemba ndakatulo Lord Byron ananyansidwa nazo, ndipo mu Don Juan anamunena Walton kuti anali munthu wankhanza. Apa m'pamene ndikuona cifukwa coyamba: cikumbumtima. Ku America, Henry David Thoreau anakhala m'kanyumba pafupi ndi dziwe la Walden kucokela mu 1845 mpaka 1847, ndipo anali kudziwa bwino kuwedza. M'buku lake Walden, la mu 1854, anafotokoza kuti akawedza anali kudzimva kuti watsika pang'ono, ndi kuti caka ndi caka anali kuwedza mocepa. Patapita zaka pafupifupi 150, mu 2003, wasayansi Lynne Sneddon ndi anzake ku Scotland anapeza kuti nsomba za trout zili ndi minyewa kumutu imene imazindikila zinthu zovulaza. Nsomba zimene anazibaya asidi pamilomo zinali kukhuza milomoyo pamiyala ndi kucedwa kuyambanso kudya. Asayansi akali kutsutsana ngati kumeneko n'kumva ululu monga timamvela ife, koma funso la Byron lakana kufa.

Cifukwa caciwili ndi thupi. Humphry Davy, amene anapanga nyale yoteteza anthu a m'migodi ya malasha mu 1815, anali kukonda kuwedza kwadzaoneni. Buku lake la usodzi, Salmonia, la mu 1828, analilemba akudwala kwambili, ndipo caka cotsatila anamwalila ku Geneva. Nkhani imene imandikhudza kwambili ndi ya Edward Grey, nduna ya Britain yoona za maiko akunja kucokela mu 1905 mpaka 1916. Analemba Fly Fishing mu 1899, ndipo anali ndi kanyumba m'mbali mwa mtsinje wa Itchen. Kawedzedwe ka kumeneko kamafuna maso akuthwa: umayamba waiona nsomba, kenako n'kuponya nyambo ya nthenga kuti iyandame n'kudutsa pamwamba pake. Maso a Grey anayamba kufa akali pa udindo, mpaka anafika polephela kuona nyambo yake pamadzi. Mu 1923 kanyumba kaja kanapsa.

Cifukwa cacitatu ndi anzako. Frederic Halford, m'mabuku ake a mu 1886 ndi 1889, anaphunzitsa kawedzedwe ka nyambo youma yoyandama, ndipo omutsatila anakasandutsa lamulo pa mitsinje ya kum'mwela kwa England. Loya wina wa mu London, G. E. M. Skues, anapenyetsetsa m'madzi n'kuona kuti nthawi zambili trout imadya ana a tizilombo pansi pa madzi, asanamele mapiko. Anayamba kupanga nyambo zomila zofanana nawo, ndipo mu 1910 analemba Minor Tactics of the Chalk Stream. Mkangano unakula mpaka mu 1938, pamene a Flyfishers' Club anacita mtsutso mu London ndipo ambili anamutsutsa. Caka comweco, ali ndi zaka pafupifupi 80, Skues anacoka pa Abbots Barton, cigawo ca Itchen cimene anali kuwedzamo kuyambila mu 1883. Nsomba zinali zikalimo, koma anthu a pamtsinjewo anali atamutopetsa. Amene anasiyapo timu ya mpila kapena kwaya cifukwa ca magulu a m'kati akudziwa mmene zimawawila.

Cifukwa cacinayi ndi mtsinje weniweniwo. Kale mu Thames munali kukwela nsomba za salmon. Mafakitale ndi zimbudzi za London zitayamba kuthila zonyansa m'madzimo, salmon inasowa m'zaka zoyambilila za m'ma 1800. Mu 1858 mtsinjewo unanunkha mpaka aphungu a nyumba ya malamulo anavutika kugwila nchito. Mu 1957 akatswili analengeza kuti cigawo cake ca mu London cinali cakufa. Pamtsinje wotele msodzi sacita kusankha kusiya.

Apa m'pamene mbili ya Angelezi imakumana ndi yathu. Mu February 2025, damu la zotsalila za mgodi pafupi ndi Chambishi linagumuka. Madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikila mu Kafue, nsomba zinayandama zitafa, ndipo Kitwe inatsekeledwa madzi a kumpope. Grey atasiya kuona nyambo yake, cakudya pathebulo pake sicinasowe. Thoreau nayenso anavomela kuti akanakhala kuthengo kwenikweni akanabwelela ku mbedza, cifukwa njala siimva nzelu za m'mabuku. Koma msodzi wa ku Kafue akapacika ukonde, ndiye kuti ndiwo zatha, ndalama ya yunifomu ya mwana yatha, ndipo mayi wogulitsa nsomba pamsika wa m'komboni alibe coyala pathebulo.

Conco ine ndimaona kuti pa zifukwa zinayi izi, zitatu zili pakati pa munthu ndi mtima wake, thupi lake kapena anzake, ndipo sindingaweluze aliyense amene zamusiyitsa. Cacinayi ndi mlandu wa tonse. Boma likaletsa kupha nsomba kucokela pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti ziswane, limanena zomwe zija zinasindikizidwa mu 1496: usatenge zonse lelo. Lamulo limeneli limagwila munthu wa bwato, ndipo tiyenela kufunsa ngati amene amathila zoipa m'mtsinje amagwidwa molimba cimodzimodzi. Thames inakonzedwa, ndipo mu 1974 salmon inaonekamonso, koma panali patapita zaka zoposa 100. Kafue wathu akudyetsa anthu amene sangathe kudikila nthawi yaitali conco.