Maluwa a Pambuyo pa Masika

Mvula ikatsanzika m'mwezi wa Epulo, chimanga chitaimikidwa m'mikukwe, mphepo ya mwera itayamba kuboola zofunda mbandakucha, munthu woyenda pa msewu wa ku Mchinji kulunjika ku Namitete, kapena wokhotera kumpoto kupita kwa Kabudula ndi ku Nambuma, amaona dziko likufota tsiku ndi tsiku, koma m'makomo mwa anthu ndi m'mipanda ya masukulu amapeza maluwa achikasu ndi ofiira atangoyamba kumene ulemerero wawo. Ambiri amayesa kuti maluwawa ndi akale ngati midzi yomweyo. Sichoncho ayi, ndi alendo, ndipo mbiri ya kudza kwawo ndi yoyenera kuisunga.

Makolo athu sankabzala duwa pakhomo. Bwalo la Mchewa linali losesedwa mbee, lopanda ngakhale kaudzu, pakuti pamenepo ndipo ankayanika mphale ndi ufa, pamenepo ndipo njoka inkaonekera isanafike pakhonde, ndiponso moto wolusa wa m'chilimwe unkathera m'mphepete mwake osanyambita denga. Chimene ankadzala mozungulira khola kapena manda chinali nkhadze, ndipo ankaidzala chifukwa cha ntchito yake yotchinga. Kuonjeza apo, mudzi unkasamuka nthaka ikatopa kapena maliro akachuluka, ndipo munthu wodziwa kuti pakhomo pake padzasanduka bwinja sataya thukuta lake pokometsera mbalame. Koma tisawanamizire akuluakuluwo kuti analibe maso. Ankadziwa kuti nsangu, mtengo umene umayoyola masamba m'dzinja mitengo inzake ili yobiriwira, umavala masamba ndi maluwa oyererako mvula ikatha, ndi kuti nyemba zake zidzadyetsa ng'ombe ndi mbuzi msipu utapsa. Ankadziwanso muwale, umene umaphuka maluwa ofiira psuu pa nthambi zopanda tsamba pamene chisanu chikutha. Kwa iwo duwa linali mthenga wa nyengo, ndipo malo ake anali kutchire ndi kumunda.

Paja akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1920 A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anatsegula munda wa fodya ku Mbabzi, ndipo m'zaka zotsatira fodya woumitsa ndi utsi anafalikira m'chigwa chonse cha Lilongwe, nabweretsa misewu, misika ndi nyumba za azungu zokhala ndi minda ya maluwa. Mu 1928 ansembe a chipani cha White Fathers anakhazika mishoni ku Nambuma. Mu 1948 boma linatsegula malo ofufuzira zaulimi ku Chitedze. Mu 1959 masisitere a ku Luxembourg anayambitsa chipatala cha St Gabriel ku Namitete. Paliponse pamene panamangidwa nyumba ya njerwa yofuna kukhalitsa, panadzalidwanso mpanda ndi maluwa, ndipo amene ankakumba, kuthirira ndi kudulira anali ana a m'midzi yoyandikana. Ena anaphunzira lusoli kutali, m'mayadi a ku Salisbury ndi ku Johannesburg, kumene anapita ndi mabungwe olemba anthu ntchito a Mthandizi ndi Wenela, kapena paokha wapansi, nabwerako ndi sutikesi, njinga ndi mtima wofuna kuti pakhomo pawo paoneke ngati pamene anatumikira.

Komatu si zonse zimene zinadza ndi alendo zinamera mizu. Maluwa ofuna chitini cha madzi m'mawa ndi madzulo anatsalira ku mishoni ndi ku boma, pakuti mayi wosenza mtsuko kuchokera kudambo sakanamwetsa duwa ana ali ndi ludzu. Mbuzi, chiswe ndi miyezi isanu ndi umodzi yopanda mvula ndizo zinapeta, ndipo zimene zinatsala m'lichero ndi mbewu zopirira, zomera ndi kamtengo kongozika pansi. Deliya, kwawo ku Mexico ndi maiko oyandikana nako, amachita chikasu kuyambira kumapeto kwa mvula kufikira m'chisanu, ndipo anakonda dziko lathu kotero kuti analumpha mpanda nadzaza m'mbali mwa misewu. Masamba ake owawa alimi amawakwirira m'mizere kuti akhale manyowa, enanso amawaviika m'madzi ndi kuwaza pa ndiwo zam'dimba pothamangitsa tizilombo. Poinsettia, nayenso wa ku Mexico, amafiira usiku ukatalika, n'chifukwa chake azungu kwawo amamuona pa Khirisimasi pamene ife timamuona mu Juni ndi Julayi. Chofiiracho ndi masamba, duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono kachikasu pakati pake. Bougainvillea, wa ku Brazil, waminga ndi woyanga, amachulutsa maluwa pamene nthaka yauma gwa.

Amene anafalitsa mbewuzi m'midzi ndi amayi ndi ana asukulu, ndipo ulemu umenewu sitiyenera kuwalanda. M'dziko la chikamwini pakhomo ndi pa mkazi, ndipo mwamuna wodziwa kuti tsiku lina angauzidwe kunyamula mkeka wake sankafulumira kudzala chokhalitsa. Mayi akapita kukacheza kwa mnzake ankapempha kuti, "Anaphiri, tandithyolereniko kanthambi," nakakulunga m'tsamba la nthochi, nakakazika kuseri kwa bafa kumene madzi osamba amatsikira, nakatchinga ndi minga kapena dengu lothyoka mpaka kataphuka. Palibe ndalama inkatuluka. Pamene chitukuko cha minda cha Lilongwe chinayamba mu 1968, ndi misewu yake, mijigo ndi misika ya Admarc, ndipo ndalama za fodya ndi mtedza wa chalimbana zitayamba kusanduka njerwa ndi malata, midzi inakhazikika, ndipo zitsamba zija zinapeza nthawi yokula kukhala mitengo.

Maluwawa anafika pa nyengo imene anthu amawafunadi. Chilimwe ndiyo nthawi ya maukwati, ya zinamwali ndi yomanga ziliza. Mu Meyi kapena Juni Akatolika amayenda ndawala ya Ukaristia, atsikana akuwaza maluwa m'njira. Ndipo maliro akagwa, amayi amakhala pa mphasa kuseri kwa siwa, akupinda kamtengo kofewa, akumangirira Bougainvillea ndi luzi mpaka nkhata zitakwanira ana, adzukulu, a mpingo ndi amfumu. Nkhata yotere imafota pakutha pa masiku owerengeka, monga Malembo amatikumbutsa za moyo wa munthu, koma inalukidwa ndi manja a anthu amene ankamudziwa malemuyo.

Lero maluwa apulasitiki ogula ku Nsaru ndi ku Mpingu akulowa m'matchalitchi ndi kumanda, ndipo miwale ndi nsangu zikutha ndi nkhwangwa. Inu amene muli ndi chitsamba chakale pakhomo, musachidule pomanga mpanda wa njerwa. Mvula ikayamba, thyolani nthambi mugawire anansi anu, ndipo muuze ana dzina la gogo amene anachidzala.