Kuyendetsa Magetsi M'mwamba ndi Nthambo Zolendewera M'malo Ogwirira Ntchito

Unduna ukudziwitsa eni zigayo, amisiri opala matabwa, osoka zovala, owotcherera zitsulo, alimi omwe ali ndi mashedi komanso anthu onse za njira yoyendetsera magetsi m'mwamba ndi mfundo zoyenera kutsata poigwiritsa ntchito.

Njirayi ndi yotani?

Mawaya akuluakulu amachoka pa bokosi logawira magetsi n'kuyenda m'mapaipi kapena m'ngalande zachitsulo zomangiriridwa ku mitanda ya denga. Pamwamba pa tebulo kapena makina aliwonse pamatsika nthambo yofewa yokhala ndi soketi kumapeto kwake. Nthambo zina zimakhala pa chokulungira cha sipuling'i chomwe chimazibweza m'mwamba ntchito ikatha.

Ubwino wake

Nthambo yoyalidwa pansi imapondedwa ndi anthu ndi mawilibala, imanyowa, imatafunidwa ndi makoswe, ndiponso imakola miyendo ya onyamula matumba. Ikasupuka, munthu angathe kugwidwa ndi magetsi kapena moto ungabuke. Nthambo yochokera m'mwamba imapewa zambiri mwa ngozizi, imasiya njira zili zoyera, ndipo makina angathe kusunthidwa popanda kukumba simenti.

Mphamvu ya magetsi

M'Malawi magetsi a ESCOM amafika pa mavoti 230 pa single phase ndi mavoti 400 pa three phase. Pulagi wamba ya mano atatu imanyamula ma amp osapitirira 13, zomwe ndi pafupifupi mawati 3,000. Makina aakulu monga injini ya chigayo kapena owotcherera zitsulo amafuna mawaya awoawo ndi mapulagi a m'mafakitale: obiriwira ngati mtambo ndi a mavoti 230, ofiira ndi a mavoti 400. Kulumikiza makina ambiri pa nthambo imodzi kumatenthetsa waya mpaka chikopa chake kusungunuka.

Mfundo zoyenera kutsata

1. Nthambo yolendewera ikhale yofewa, ya timawaya tambiri mkati ndi chikopa cholimba. Waya wouma woyika m'khoma amathyoka akamagwedezeka kawirikawiri.

2. Kumtunda ndi kumunsi kwa nthambo kukhale chogwirira cholimba, kuti kulemera kwa soketi ndi kukoka kwa wantchito kusagwere pa zomangira mawaya.

3. Waya wa earth, wamtundu wobiriwira ndi wachikasu, ufike pa soketi iliyonse osadukira panjira.

4. Pa bokosi logawira magetsi payikidwe chida chotchedwa RCD cha 30 mA, chomwe chimadula magetsi mwamsanga akayamba kudutsa m'thupi la munthu. Batani lake loyesera lidinidwe nthawi ndi nthawi.

5. Soketi ilendewere pomwe dzanja lingafike koma mutu sungagunde, kutali ndi malamba, macheka ndi mbali zina zozungulira za makina.

6. M'zigayo ndi mopalira matabwa, zida zikhale zotsekeka bwino, chifukwa fumbi la ufa ndi utuchi limayaka msanga likakumana ndi nthethe za moto.

7. Nthambo isamangidwe mfundo, isapachikidwe pa msomali, isakhudze malata, ndipo pasakolekedwe zovala kapena zipangizo.

8. Nthambo yosupuka kapena soketi yakuda ndi kupsa ichotsedwe tsiku lomwelo, magetsi atazimitsidwa. Kukulunga ndi pulasitiki ya jumbo si kukonza.

Udindo wa mwini malo

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka kwa olemba ntchito udindo woteteza moyo ndi thanzi la antchito awo. Choncho ntchito yoyika kapena kusintha mawaya ipatsidwe kwa mmisiri yekhayo amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo mwini malo apemphe kuona chilolezocho ntchito isanayambe. Ndalama zopulumutsidwa polemba munthu wosadziwa sizingabweze moyo wa wantchito kapena katundu wopsa.

Wina akagwidwa ndi magetsi, zimitsani swichi yaikulu musanamukhudze, kenako thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.